Mphezi ndi Kapasete Wachikasu

Kunali kusanache bwinobwino, koma mpweya wa ku Tete unali utafunda kale ngati wa pakamwa pa uvuni. Chilimwe cha mumzindawu sichipumira usiku. Makoma amangosunga moto wa dzulo kudikirira wa lero. Nthawi imeneyo Afonso Kalizang'oma anali atangoweruka ku ulonda wake pa sitolo ya zitsulo, ndipo m'malo mokagona, anali kuseri kwa nyumba yake ku Canongola, mkati mwa mpanda wa malata, akuphunzitsa galu.

Zinali zaka zija malasha a ku Moatize anadzutsa mzinda ku tulo. Magalimoto akuluakulu ankatsatizana pa mlatho wa Zambezi ngati linthumbu, alendo a zilankhulo zachilendo anadzaza nyumba za lendi, ndipo kumene kwagwa chuma mbala sizichedwa kumva fungo. Dizilo ankaphwa m'mathanki, mawaya ankamera miyendo. Kampani ina ya ulonda inayamba kufuna agalu, ndipo inalengeza mpikisano: galu amene adzaonetse luso adzalembedwa ntchito pamodzi ndi mwini wake. Afonso, amene ulonda wa pakhonde unali utamudya msana, anaona kuti khomo lake ndi limeneli.

Agalu anawadziwira kwawo ku Angónia ali mwana, kosaka ndi amalume ake, ndipo ngakhale zaka za nkhondo, ali kothawira ku Dedza, sanakhalepo wopanda kagalu komutsata. Koma wonga Mphezi anali asanamuonepo. Anali galu wamkazi, wakuda bii, wa chifuwa chotakata. Mayi ake anali galu wa mzungu wina. Za bambo ake munthu sankafunsa. Afonso akati “Gona!” Mphezi ankagwa pansi ngati thumba la chimanga. Akati “Pano!” ankabwera kudzakhudza bondo. Akati “Siya!” ankalavula ngakhale fupa la mbuzi. Zonsezi m'Chinyanja, ndipo Afonso ankanyadira kuti galu wake samva chilankhulo chobwereka.

Kuphunzitsa galu kugwira mbala kumafuna mbala. Ntchito imeneyi inagwera mlamu wake Venâncio, mlongo wa mkazi wake Balbina, yemwe ankakumba ngalande ku mgodi. Ankakulunga mkono ndi masaka ndi chubu chakale, n'kudumpha mpanda monyang'ama. Tsiku loyamba Mphezi anamugwetsa chagada, mutu n'kugunda pa mtondo. M'mawa mwake Venâncio anabwera atavala kapasete wake wachikasu, chisoti cholimba chija amavala anthu a ku mgodi.

“Alamu, mkono ndakubwerekani, koma mutuwu ndi wa ana anga,” anatero akumanga lamba wa kukhosi.

“Mutu umenewo uli ndi chiyani choti n'kutayika?” anayankha Afonso. “Valani, bola mudumphe.”

Kuyambira pamenepo mbala ya kwa Afonso inali ya kapasete wachikasu tsiku lililonse, ndipo Mphezi sankaiphonya. Anthu oyandikana nawo ankangomva phokoso ndi kubuula kwa Venâncio, osaona kanthu, chifukwa Afonso anatseka ngakhale timabowo ta misomali m'malata. Galuyo sankatuluka.

Balbina, amene ankagulitsa nsomba zouma ku msika, anaziyang'ana kwa nthawi, kenako anayankhula akumanga dengu lake.

“Bambo a Isaura, galu wanuyu amadziwa anthu atatu: inu, ine ndi Venâncio. Mutulutseniko aone dziko.”

“Kunja kuli chiwewe, kuli akuba agalu, kuli maso a anthu,” anatero Afonso. “Anzanga aone mmene ndikuphunzitsira, mawa akatengere? Chuma sayanika pamsewu.”

“Ndiye mwamuyesa namwali, kuti mumubindikiritse m'tsimba?”

“Eya. Namwali amatuluka tsiku lake, anthu n'kuimba nthungululu.”

Balbina anasenza dengu. “Tidzaimba,” anatero, n'kutuluka.

Tsiku la mpikisano linafika dzuwa likuswa mtengo. Bwalo linali kutsidya kwa mlatho, pa malo a fumbi pafupi ndi pomwe kampaniyo inkasungira magalimoto. Mphezi anapita atatsekeredwa kumbuyo kwa kagalimoto kobwereka, ndipo potsika anali akuwefuka, makutu ali chiriri. Panali agalu ena, ena ochokera ku Joni okhala ndi mapepala awo, ena a mumzinda momwemo. Afonso anawayang'ana onse ndipo mtima wake unakhala m'malo. Palibe amene anali ndi chifuwa ngati cha Mphezi.

Pachipata mlonda anawaimitsa. Lamulo la pamalopo linali lakuti aliyense wolowa avale kapasete. Anapatsa Afonso wake, wachikasu, ndipo iye anangomuika pamutu osaganiza kanthu. Atayang'ana pansi, anapeza Mphezi atabwerera m'mbuyo, chingwe chitakungika, akumuyang'ana ndi maso amene sanamuyang'anepo nawo. Fungo linali la mbuye wake, mutu unali wa mbala. Galuyo analira pang'ono kukhosi, n'kutembenukira ku bwalo. Kumeneko kunali makapasete okhaokha: oonerera, antchito, oweruza, onse achikasu ngati munda wa mpendadzuwa.

“Pano!” anatero Afonso. Mphezi anabwera, koma akunjenjemera.

Zoyambirira anachita mokakamizika, mutu ukungotembenuka uku ndi uku. Kenako inafika nthawi yogwira mbala. Mbala ya kampani inali mnyamata wovala chijasi chochindikala, mutu uli pamtunda, pakuti mbala yeniyeni sivala kapasete. Inatulukira kuseri kwa mathanki ikuthamanga.

“Gwira!”

Mphezi anauluka. Anadutsa mbala ija ngati akudutsa chitsa, n'kulunjika kwa munthu amene anaima yekha pakati pa bwalo, kapasete akuwala padzuwa. Ameneyu anali shefi Eduardo, mkulu wa oweruza, yemwe anakalambira pa ntchito ya agalu. Galu anamufika pachifuwa, onse awiri n'kugwera m'fumbi.

“Siya! Mphezi, siya!”

Anasiya pomwepo. Mano anali atangogwira malaya. Anabwerera n'kugona pansi, akuyang'ana Afonso ngati wofunsa kuti walakwa chiyani, poti anachita zimene ankachita m'mawa uliwonse n'kupatsidwa chiwindi.

Bwalo linaphulika ndi phwete. Wina anakuwa m'Chinyungwe kuti galu wa Mnyanja wadziwa mbala yeniyeni. Venâncio, amene anaima m'gulu la oonerera, anavula kapasete wake pang'onopang'ono n'kumubisa kumbuyo.

Shefi Eduardo anadzuka, n'kusasa fumbi, n'kuyang'ana pong'ambika pa malaya ake.

“Senhor Afonso, galu woluma antchito athu ife sitingamulembe. Kuno aliyense woona mtima amavala chimenechi,” anatero akugogoda pamutu pake. “Koma ndaona agalu ambiri, ndipo wosiya pa mawu amodzi magazi atatentha ndi osowa. Mpikisano wina uliko mvula ikatha. Akadzachitanso zimenezi, musadzapondenso pano.”

Afonso anafika kunyumba madzulo, galu ali pambuyo. Nkhani inali itafika kale, pakuti mbiri ya manyazi siyembekezera galimoto. Balbina anamupatsa madzi akumwa, n'kuthiranso ena m'mbale ya Mphezi. Sanatchule za namwali kapena za nthungululu, ndipo kukhala chete kumeneko kunamulasa Afonso kuposa kuseka kwa bwalo lonse. Anakhala pa mpando akuyang'ana mpanda wake wa malata mpaka nthawi yopita ku ulonda inakwana.

M'mawa mwake, ataweruka, anapeza mkazi wake akumanga dengu.

“Mayi a Isaura, kodi kumsika kumakhala anthu ambiri nthawi yanji?”

“Bwanji, mukufuna kugula nsomba?”

“Ndikufuna kuperekeza.”

Balbina anayang'ana chingwe chimene chinali m'manja mwa mwamuna wake. “Bola asandidyere malonda,” anatero.

Umo ndi mmene Mphezi anayambira sukulu yachiwiri. Masiku oyamba ku msika ankabisala pansi pa benchi, akuuwa wilibala, akuuwa mbuzi, akuuwa wailesi. Amayi a pamsika ankamuseka Afonso poyera. “Si ameneyu galu wogwira mabwana? Mubwere naye kwa mwini nyumba wanga, wandikwezeranso lendi!” Afonso ankangomwetulira. Ankadikira mpaka galu atatopa ndi mantha, n'kunena “Gona!” pakati pa phokosolo, ndipo akagona ankamusisita. Atazolowera msika anapita naye pa mlatho, kuyenda wapansi magalimoto a malasha akugwedeza zitsulo pansi pa mapazi. Anapita naye kokwerera machapa, timabasi ta mumzindawu, kumene makondakitala amakuwa ngati akukangana. Anasiya kuphunzitsa m'bandakucha wokha. Ankatulukanso masana, kuti galu adziwe kugwira ntchito lilime lili panja.

Chovuta kwambiri chinali makapasete. Pamphambano pomwe antchito a ku mgodi ankadikirira basi, Afonso ankaima ndi galu wake chapatali, tsiku lililonse akusendera pang'ono. Kenako anachita chimene sanaganizepo kuti angachite: anavula chipewa chake n'kupempha anthu osawadziwa kuti amuthandize.

“Akuluakulu, ndapota nanu, mmodzi amuponyereko kanyama aka.”

“Aponye ndani? Tinamva mbiri yake ameneyu!”

Koma wina anaponya, mawa lake wina anamupatsa pamanja, ndipo pofika mwezi wa mvula Mphezi ankagwedeza mchira akaona basi ya ku mgodi.

Venâncio ndiye anaona zakuda. Kapasete analetsedwa pa umbala. Tsopano ankamuvala pobweretsa chakudya cha galu basi. Podumpha mpanda ankavala zosiyanasiyana, tsiku lina chipewa cha mlaza, tsiku lina duku la mlongo wake.

“Alamu, anthu akandiona chonchi ndidzakwatiranso ine?” anadandaula akumanga dukulo.

“Mwakwatira kale. Dumphani.”

Afonso anachotsa malata awiri a mpanda, n'kuitana anyamata a m'dera kuti azisinthana kukhala mbala, wamtali lero, wamfupi mawa, nthawi zina pabwalo la mpira, nthawi zina kuseri kwa chigayo. Chinsinsi chimene ankachisunga chija chinakhala cha mudzi wonse, ndipo palibe amene anachiba. Mphezi anaphunzira kuti mbala siidziwika ndi chovala. Mbala ndi amene mbuye wake wamuloza.

Mvula itatha, udzu wa m'mbali mwa msewu utayamba kufiira, anabwerera ku bwalo lija. Ulendo uno anawoloka mlatho wapansi, Balbina ali pambuyo atasiyira mnzake benchi. Pachipata Afonso anavala kapasete, Mphezi n'kungoyasamula. Oonerera anamuzindikira, ndipo ena anayamba kubwerera m'mbuyo mwanthabwala atagwira zisoti zawo.

Mphezi anayenda pa bondo la mbuye wake ngati womangidwa ndi ulusi. Anagona pamene anauzidwa, ndipo galimoto ya dizilo italiza hutala pafupi, galu wina wa ku Joni anadzuka n'kuthawira kwa mwini wake, koma Mphezi anangogwedeza khutu. Mbala itatulukira, Afonso anatambasula dzanja.

“Gwira!”

Pomwepo shefi Eduardo anachita zimene sanachitire galu wina aliyense. Anathamanga kudutsa kutsogolo kwa Mphezi, akukuwa, akugwedeza manja, kapasete akuwala. Mphezi anamuzungulira mkuluyo ngati madzi ozungulira mwala, n'kukatera pa mkono wa mbala. Anaigwetsa, n'kuigwira osaisiya mpaka mawu amodzi aja anamveka.

Nthungululu inachokera kumbuyo kwa gulu, kwa amayi a pamsika amene anabwera osaitanidwa. Antchito a ku mgodi anagogoda makapasete awo ngati ng'oma. Afonso sanadumphe kapena kukuwa. Anagwada, n'kugwira mutu wa galu wake ndi manja awiri, n'kukhala choncho kanthawi.

Shefi Eduardo anabwera akupuma mwabefu. “Mwakamuphunzitsa kuti? Munamutumiza ku Joni?”

“Ayi, shefi. Kumsika, pa mlatho, kokwerera machapa. Tete yense wamuphunzitsa.”

“Lolemba mubwere nonse awiri. Mudzayamba ku mpanda wa mathanki.”

Pobwerera, atafika pakati pa mlatho, Venâncio anayamba kuwerengera zipsera za pa mkono wake kuti aliyense aone amene anavutikira chipambanocho. Balbina anamumvera mpaka kutsidya, kenako anayang'ana dzuwa.

“Inu pitirizani kunyada,” anatero. “Ine nsomba zanga zili ndi munthu wosadziwa mitengo.”

Anakhotera njira ya ku msika. Afonso anapita kunyumba kukasambitsa galu ndi kugona pang'ono, pakuti usiku umenewo sitolo ya zitsulo inali ikumudikirabe.

Luso lophunziridwa pa bwalo limodzi limadziwa bwalo lomwelo basi, ndipo chimene tachibisa poopa dziko chimadzachita manyazi tsiku limene dziko lachiitana. Akulu a m'mbali mwa mitsinje anaziona kale zimenezi pamene ananena kuti mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi.