Khungu la Nsomba pa Mkono wa Chidule

Pabekale ya pakona pa msika panali wophika buledi wina amene anzake ankamutcha Chidule. Pa ntchito anali katswiri ndithu, koma nthenda yake inali imodzi: akangomva mutu wa nkhani, mchira ankamalizitsa yekha. Ndiponso, ngakhale anali chimunthu cha chifuwa ngati chitseko, jakisoni ankamuopa kuposa imfa.

Tsiku lina akutulutsa buledi, chitsulo cha uvuni chinamuwotcha pamkono, khungu n'kusupuka.

"Pita kuchipatala," anatero abwana ake. "Mkono umenewu ndi umene ukudyetsa ana ako."

Chidule anavomera ndi pakamwa, miyendo n'kulunjika kunyumba. Kumeneko anapeza mlamu wake, dalaivala wa lole, yemwe nayenso adapsapo ndi madzi otentha a mu injini. Mlamuyo anapinda malaya n'kuonetsa chipsera chosalala bwino.

"Ine kuchipatala adandimata khungu la nsomba, alamu. Koma poyamba amalitenga n'ku..."

"Basi, ndamva," anamudula Chidule. "Nsomba n'zosowa ngati? Ndikaimirenji pamzere?"

"Bambo a kunyumba, bwanji osakafunsa kaye?" anadandaula mkazi wake.

"Iwe kagule nsomba ukazinge, khungu undipatse."

Analimata pabala, n'kumanga ndi kansalu, n'kubisa m'malaya a manja aatali. M'mawa anabwerera ku ntchito akuimba mluzu.

Koma kutentha kwa uvuni sikusunga chinsinsi. Mphaka wa pabekale, waulesi uja amene makoswe ankamulumpha ali mtulo, anadzuka n'kuyamba kudzikhula pamiyendo ya Chidule ngati wapeza mbale wake wotayika. Ntchentche nazo zinaitanizana. Pasanapite masiku, mayi wina anabweza buledi.

"Kodi masiku ano mukuthiramo nsomba? Ana anga akana kumwera tiyi."

Abwana ananunkhiza ufa, ananunkhiza mafuta, mpaka mphuno inawafikitsa pamkono wa Chidule. Atamasula kansalu kaja, anthu onse anabwerera m'mbuyo. Mkono unali utafufuma ngati wathiridwa yisiti, mafinya ali chuchuchu.

"Usapondenso muno mpaka utachira," anatero abwana. "Ukachedwa ndilemba wina."

Apa mpamene mantha anamugwira zenizeni. Zala zinali zitayamba kukana kupinda, ndipo munthu sakanda ufa ndi chigongono.

Mkazi wake ndi mlamu uja anamukokera kuchipatala. Namwino, mayi wachikulire wosaseka wamba, anayang'ana balalo n'kupukusa mutu.

"Khungu limene timamata kuno limayamba latsukidwa ndi mankhwala mpaka tizilombo tonse tife. Chimene timafunamo ndi kolajeni, wothandiza mnofu kumera. Limabwera lotsekedwa m'paketi. Inuyo mwangowakonzera majeremusi phwando. Mukadachedwa pang'ono tikadakamba zodula."

"Ndiye mundimata lenilenilo?" anafunsa Chidule ndi mawu a mwana.

"Pabala loola sitimata kanthu. Tiyambe tapha zimene mwawetazi. Tembenukani, tsitsani buluku."

Mlamu uja, ali chiimire pakhomo, anakhosomola. "Ndimati ndikuuzeni, alamu, koma munandidula pakamwa."

Jakisoni amene Chidule ankamuthawa uja anamupeza m'mawa uliwonse, mpaka kukhala pampando kunasanduka ntchito yoyamba waganiza. Mkono unapulumuka, ntchito anaipeza ikadalipo, koma mphaka uja mpaka lero akamuona amanyambita milomo. Akuluakulu sadaname: safunsa adadya phula.