Kapulasitiki Kosamatula

Panali munthu wina wojambula mavidiyo a maukwati ku Mponela. Anali wosamala katundu mopitirira muyeso. Mipando ya kunyumba kwake inali idakali m'mapulasitiki a kusitolo, limoti nayo yokulungidwa ngati khanda.

Mng'ono wake, pochokera ku Joni, anamubweretsera SSD, kachipangizo kosungira mavidiyo m'kompyuta, kaliwiro kwabasi. Anabweretsanso kachitsulo kamanomano kokhala pamwamba pake, koyamwa kutentha. Kunsi kwa kachitsuloko kunali kamphira kofewa, komatidwa kapulasitiki koyenera kumatula.

Mkuluyo anakayang'ana kapulasitikiko. "Chinthu chatsopano chonchi ndichivule? Chidetsedwa," anatero. Anamanga zonse kapulasitiki kali pomwepo.

Unafika Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Kompyuta inkayamba ntchito mothamanga, kenako n'kumakwawa ngati bilimankhwe. Pajatu SSD ikatentha imadzichepetsa yokha liwiro kuopa kupsa. Vidiyo ya ukwati wina inachedwa, eni ake anabwera n'kumunyoza pakhomo.

Mtima unamupsa. Pa mwambo wa chiliza cha bambo awo, abale onse ali pamphasa, analoza mng'ono wake.

"Uyu wandibweretsera zotola kudzala. Kundiyesa wakumudzi ine!"

Mng'onoyo anangowerama, ndipo m'mawa mwake anakwera basi osatsanzika.

Mkuluyo anatsegula kompyuta kuti achotse chinthucho akataye. SSD inamuotcha chala, koma kachitsulo kaja kanali kofunda chabe. Pakati pa ziwirizo panali kapulasitiki kake kaja, koyera bwino, monga ankafunira. Anakamatula, anamanganso. Vidiyo yomwe inamuzunza ija inatha tiyi wake asanazizire.

Manyazi anamugwira, osati ndi kompyuta ayi, koma ndi nkhope zonse zinali pamphasa zija. Anaimbira mng'ono wake. Foni inaitana mpaka kuduka. Kapulasitiki kanamatuka ndi chikhadabo chimodzi, koma mawu aja anali atamata kale.

Inu amene mukundimva, kachitsulo kaja kanalibe vuto. Sikakanayamwa kutentha kwa chinthu chomwe sikanachikhudze. Musanadzudzule m'bale wanu kuti thandizo lake n'lachabe, tayambani mwatsegula muone chimene mwasiya pakati inuyo. Ndipo tsegulani musanaimirire pagulu.