Lata Pansi pa Mitengo ya Mileme

Mu situdiyo ya a Kamera munali nsalu yabuluu kukhoma, mpando umodzi wa makasitomala ndi galasi lothetheka pakona. Ankadyera zithunzi za pa ziphaso ndi za maukwati, koma mtima wawo unali kwina. Pamwamba pa chitseko anali atakhomeratu msomali wa chithunzi chimodzi chimene ankalakalaka kujambula: mleme waukulu wodya zipatso, wa nkhope ngati ya galu, maso ali tong'o, mwana atakakamira pachifuwa.

Mileme yotereyi sinali kutali. Chaka chilichonse zipatso zikayamba kupsa, inkadzaza mitengo italiitali ya kuseri kwa nyumba ya achemwali awo. Achemwaliwo, amayi amasiye, ankagulitsa tiyi pakhonde, ndipo nyengo ya mileme ndiyo inkawalerera ana. Anthu ankadzaza mabenchi, makapu m'manja, kudikira kuti aione ikunyamuka dzuwa likapendeka.

Lachitatu lina a Kamera anafika m'mawa, n'kuimika kamera pamiyendo yake itatu. Mileme inali italendewera mitu pansi, itadzifunda mapiko ngati maambulera opinda. Panalibe ndi umodzi womwe wosuzumira.

"Achemwali, alendo anuwa amadzuka nthawi yanji?"

"Akakhuta tulo. Khalani pansi achimwene, ndikuthirireni tiyi. Kukayamba kuzizira amatsikira ku nthambi za m'munsi, kuyasamula, kunyambita ana. Mujambula mpaka chala kutopa."

"Nthawi imeneyo kuwala kumakhala kwathawa. Ine sindinatseke situdiyo kuti ndidzalondere tulo ta mileme."

"Inutu simusintha," anaseka achemwali. "Muli mwana munkafukula mbewu kuti muone ngati yamera."

Dzuwa litafika paliwombo, achemwali anapita kukagula shuga. A Kamera anayang'ana wotchi, anayang'ana mitengo, kenako maso awo anagwera pa lata lakale lotsamira khoma la bafa. Analikokera pansi pa mtengo waukulu, n'kuyamba kulimenya ndi chitsulo.

Thambo linada. Mileme inabalalika ikulira, ikuwombana mapiko, yosadziwa kolowera masana ngati amenewo. A Kamera anathamangira ku kamera n'kumangodina. Kenako anamva tinthu tikugwera m'masamba ouma: phu, phu. Anali ana, opulumuka pazifuwa za amayi awo podzidzimuka paja. Akhwangwala sanadikire kuitanidwa.

Achemwali anafika shuga ali m'manja. Sanakalipe. Anawerama n'kutola kamwana kamodzi, ndipo iko kanakakamira chala chawo, kakuyesa ndi bere.

"Mwajambula, achimwene?"

A Kamera anayang'ana zimene anajambulazo. Pa kagalasi ka kamera panali madontho akuda okhaokha, ngati makala omwazikira pansalu. Panalibe nkhope, panalibe diso.

Pofika Loweruka mitengo inali itatsala nthambi ndi masamba. Chaka chotsatira zipatso zinapsa, zinagwa, zinawolera pansi, mileme sinabwere. Makasitomala anafunsafunsa, kenako anasiya kufunsa. Achemwali anayamba kulawirira ku depoti ya mabasi ndi fulasiki ya tiyi, akukoka mwendo wawo wotupa. Nkhani ya lata sanaitchulepo, ndipo kukhala chete kumeneko n'kumene kunkawadya a Kamera kuposa chipongwe chilichonse.

Masiku ano, zipatso zikapsa, a Kamera amatseka situdiyo n'kukakhala pa benchi lomwe linatsala. Amakhala phee mpaka kuzizire, kamera ili pamiyendo, akuyang'ana nthambi za m'munsi.

"Mwaphunzira kudikira," anatero achemwali tsiku lina, akutula fulasiki. "Koma mukudikira ndani?"

Msomali uja ukadali pamwamba pa chitseko, wachita dzimbiri. Kuona maso a nkhono n'kudekha.