Zitenje Ziwiri za Amake Yankho

Ana inu, mawu akuti mapanga awiri avumbwitsa mumawamva kawirikawiri, koma mwini wake simumudziwa. Anali mayi wina wa m'mudzi mwa Mkwela, dzina lake Elube, amene anthu ankangomutchula kuti amake Yankho.

Chaka chimenecho Chipani cha Nsengwa chinkafuna munthu wodzachiimira pa chisankho cha pulezidenti. Opikisana anali awiri: a Thombozi, mwini malole, ndi a Kachigunda, amene kale anali mphunzitsi. Dera lililonse linatumiza nthumwi ku msonkhano waukulu, ndipo a kwa Mkwela anasankha Elube ndi mayi wina wachikulire, a Nazimbiri. Anawatuma chinthu chimodzi basi: mjigo. Mudziwo unkamwa madzi a padambo pamodzi ndi ng'ombe, ndipo Yankho, mwana wa Elube, anali atagonekedwa kale kawiri kuchipatala chifukwa cha m'mimba.

Pabwalo la msonkhano panali matenti awiri akuluakulu, wina kum'mawa, wina kumadzulo. Anthu ankawatcha mapanga, chifukwa munali mdima ndipo zokambidwamo sizinkatuluka kunja. M'mawa Elube analowa m'phanga la a Thombozi. Anamulonjeza mjigo, namupatsa chitenje chofiira cha nkhope ya a Thombozi. Atatuluka anazungulira kuseri kwa zimbudzi nakalowa m'phanga la a Kachigunda. Kumenekonso anamulonjeza mjigo, namupatsa chitenje chachikasu. Konsekonse Elube analumbira, dzanja pamtima. Kenaka anavala chachikasu mkati, chofiira pamwamba.

A Nazimbiri anamuyang'ana m'chiuno. "Amake Yankho, mwanenepa liti? M'mawa uja tinakwanatu pampando umodzi."

"Musandiyaluse, mayi. Apambane uyu, apambane uyo, mjigo ndi wathu. Voti njachinsinsi, adzandiona ndani?"

"Ine mphunzitsi uja ndi amene wandifunsa kuti dambo lili mtunda wautali bwanji. Winayo sanafunse ngakhale dzina la mudzi. Ndaima pomwepo."

"Nanga akagonja?"

"Ndidzagonja naye. Munthu wogonja naye limodzi sakuiwala."

Masana mitambo inayamba kuda chakumapiri. Wapampando wa chipani anaimirira n'kulengeza kuti mbali ziwirizo zakanirana za mabokosi a mavoti, uyu akuti mnzake aika mapepala ake, uyonso chimodzimodzi. Tsono agwirizana kutsata njira yakale. Opikisana aima kutsogolo atafulatira, nthumwi iliyonse ikaima pamzere kumbuyo kwa amene ikumufuna. Wezulo ikalira, kusuntha kwatha, ndipo awerenga mitu.

Chinsinsi chimene Elube ankadalira chija chinathera pomwepo.

Anthu anayamba kuyenda, fumbi koboo. A Nazimbiri anapita molunjika kumbuyo kwa a Kachigunda osacheuka. Elube anatsalira pakati, maso uku ndi uku, kuyeza mzere wautali. Wa a Thombozi unaoneka wopitirira pang'ono, choncho anathamangira komweko. Amayi ovala zofiira anamukumbatira. "Mwafika, achemwali, imani apa."

Asanapume n'komwe, nthumwi za kumapiri zinadzuka pamodzi n'kukaima kwa a Kachigunda. Mzere uja unatalika mpaka kupyola mtengo wa mthethe. Elube anaganiza za Yankho ali gone pabedi la chipatala, kamkono kali ndi singano. Anaona wapampando akutulutsa wezulo m'thumba. Anachoka pamzere.

"Kodi mukupita kuti?" anafunsa mayi wa kumbuyo kwake, namugwira chitenje. Elube anadzikoka mwamphamvu. Chitenje chofiira chinamasuka n'kutsala m'manja mwa mayiyo, ndipo bwalo lonse linaona nkhope ya a Kachigunda ili mbee m'chiuno mwa munthu wotuluka pamzere wa a Thombozi. Ena anaseka, ena anakuwiza.

Ali pakati penipeni, anaona amuna asanu akuwoloka kulowera komwe iye wachoka. Anaima. Anabwerera mapazi awiri, naimanso. Wezulo inalira.

Owerenga anadutsa mzere uliwonse kawiri, akugwira paphewa munthu mmodzimmodzi. Elube anali chiimire yekha pakati ngati chitsa. Pomaliza wapampando analengeza kuti a Thombozi apambana, ndipo apambana ndi mutu umodzi wokha.

Nthawi yomweyo mvula inayamba, ya madontho akuluakulu. Anthu anathawira m'mapanga awo. Elube anathamangira kwa opambana, koma pakhomo panali mayi uja, chitenje chofiira chili paphewa.

"Bwana amva kuti munthu wa kwa Mkwela anawathawa pamzere. Akuti mjigo mukapemphe kwa amene mwamuvala m'chiunoyo."

Anadutsa bwalo lonse mvula ikumukwapula, nafika kwa a Kachigunda. Mphunzitsiyo anatuluka yekha. Sanakalipe.

"Mayi, mukanaima kumbuyo kwanga tikanafanana, tikanavotanso. Ndinali nditalemba kale dzina la mudzi wanu kuti ngakhale ndigonje ndiyende nalo m'mabungwe okumba mijigo. Koma ndikapita bwanji kwa anthu amene mwa nthumwi zawo ziwiri, imodzi sindidziwa ngati ili yanga?" Anabwerera mkati, ndipo anyamata anatseka khomo la tenti.

A Nazimbiri ndi amene anatuluka ndi pepala la pulasitiki kumutu. Anamupeza Elube ali pakati pabwalo, madzi akuyenderera m'tsitsi, utoto wa chitenje ukutsikira m'miyendo.

"Mwana wanga," anatero, "taonani anthu onsewa. Opambana ndi ouma, ogonja ndi oumanso. Wavumbwa ndi inu nokha, mwini mapanga awiri."

Mawa lake, atabwerera kumudzi, Elube anatenga ndowa n'kupita kudambo monga mwa masiku onse, ndipo amayi a kwa Mkwela anamupatsa njira osamupatsa moni.

Kuchokera pamenepo anthu amati mapanga awiri avumbwitsa. Tanthauzo lake n'lakuti munthu wofuna kugwira mbali ziwiri kuti asaluze, amathera nthawi yake panjira ya pakati, ndipo tsoka limamupeza pomwepo. Yang'anani bwino musanasankhe, ana anga, funsani, dekhani. Koma mukasankha, lowani ndi miyendo yonse iwiri. Phanga lodontha limaposa mapanga awiri amene onse akutsekerani kunja.