Njerwa za pa Chipatala cha Akhate

Panali mayi wina m'boma lina la kumapiri, dzina lake Nasimango. Anali wokalamba ndithu, wamasiye, ndipo anthu a pamudzi pamene anakwatiwa ankamupatsa ulemu. Pa maliro ndiye ankatsogolera amayi osambitsa thupi. Pa ukwati ndiye ankalangiza mtsikana. Koma panali njira imodzi imene mayiyu sankakonda kudzera. Inali njira yopita kuchigayo, yodutsa pa chipatala chakale cha akhate.

Chipatalacho anamanga ndi amishoni kalekale. Inali nyumba yaitali ya njerwa zowotcha, zipinda zondandana, khonde kuchokera uku mpaka uko. Mankhwala a khate atapezeka, odwala anabwerera kwawo, masisitere anasamuka, nyumba inatsala ndi mileme. Malata ena anapita ndi mphepo, ena anapita ndi anthu. Kuseri kwake kunali thengo, ndipo m'thengomo munali manda amene analibe wowalambula.

Nasimango anabadwira m'nyumba imeneyo. Pamudzipo panalibe wodziwa. Ngakhale malemu mwamuna wake anapita osamva. Mayi ake anafika pa chipatalapo ali ndi pakati, abale atawatulutsa m'mudzi wawo kuseri kwa mapiri. Mwana atabadwa, masisitere anakamulera kunyumba ina, poopa kuti angatenge matendawo. Lamulungu lililonse ankapita naye kukaona mayi ake. Mayiwo ankakhala pakhonde, pa khomo la chipinda chakumapeto, ndipo mwana ankaima pabwalo, osaloledwa kukwera. Ankamufunsa ngati wadya, ngati anzake sakumumenya, ngati waphunzira nyimbo yatsopano. Manja awo ankawabisa m'nsalu. Tsiku lina nsaluyo inagwa, mwana n'kuona kuti zala zinatha, ndipo anathawa akulira. Lamulungu lotsatira anakana kupita. Linzake anakananso. Asanasinthe maganizo, mayi ake anamwalira.

Kenako amalume ake anabwera kudzamutenga. Ali m'njira anamuuza kuti akafunsidwa azinena kuti mayi ake anafa ndi chifuwa, chifukwa anthu amati khate limayenda m'magazi, ndipo mwana wa wakhate sapeza banja. Mtsikanayo anamvera. Anakula, ndipo zinangochitika kuti mwamuna amene anamufunsira anali wa mudzi wa pafupi ndi chipatala chija. Anamutengera kwawo chitengwa. Motero anabwerera kumene anabadwira ngati mlendo, nakhala komweko moyo wake wonse, akudutsa manda a mayi ake maso ali kwina.

Chaka china kunabwera anthu a boma oyang'anira malo akale. Anali atayendera dera lonse. Anaona tchalitchi chakale cha ku mishoni, phanga lokhala ndi zojambula za makolo, ndi mlatho wa miyala wa nthawi ya atsamunda. Anafikanso pa chipatala cha akhate. Anachiyeza, anachijambula, nazika chikwangwani chachitsulo chonena kuti nyumbayo ndi chuma cha dziko, yotetezedwa ndi lamulo, ndipo munthu asachotsepo kanthu. Anafunsa ngati panali wina wokumbuka amene ankakhalamo. Nasimango anali pa gulu la anthu oonerera. Anayang'ana pansi. Anthu a boma aja anadikira pang'ono, kenako anakwera galimoto yawo n'kumapita, osasiya mlonda.

Anthu a pamudzi sanakondwere. Ankati anzathu apatsidwa tchalitchi, ena phanga, ife atipatsa khate. Kumsika anayamba kuwaseka, akumati a kwa akhate afika. Ena ankanena poyera kuti nyumbayo ikanangogwa, dzina loipalo lithe. Komanso njerwa zake zinali zazikulu, zopsa bwino, zolira ngati chitsulo ukazigogoda. Wina anachotsa zochepa zomangira khola la nkhumba. Wina anatenga za bafa. Panalibe wowaletsa.

Nasimango anali ndi mwana wamwamuna, Yotamu, mwini ngolo ya ng'ombe. Anali munthu wabwino, wokonda mayi ake. Nyumba ya mayiyo inali ya zidina, khoma lakummawa litang'ambika moti dzanja linkalowa, ndipo mvula inali pafupi. Nkhuni zowotchera uvuni zinali zitasowa m'deralo. Tsiku lina Yotamu anabwera kudzanena kuti amanga nyumba ina mvula isanagwe, ndipo njerwa wazipeza. Mayi ake atamufunsa kumene zichokere, anayankha mosabisa.

"Boma likusunga nyumba ya mileme, inu mukugona m'nyumba yoti ikugwereni. Amayi, ine zimenezo sindingamangoziyang'ana."

Nasimango anati lamulo likuletsa. Yotamu anati lamulolo silinabwerepo kudzaona mng'alu wa pakhoma. Nasimango anati njerwazo n'za matenda. Yotamu anaseka, nati matendawo anatha iye asanabadwe, ndipo njerwa yopsa pamoto sisunga khate. Zifukwa zinamuthera mayiyo. Chinatsala chimodzi chokha, chimene sanathe kuchitchula.

Panalinso china chomumanga pakamwa. Mwana wamkazi wa Yotamu, mdzukulu amene anakulira pakhomo pake, anali atatomeredwa. Ankhoswe anali atagwirizana kale tsiku la chinkhoswe. Akuchimuna anali anthu okonda kufufuza mtundu wa munthu, ndipo anali atafunsa zambiri n'kukhutira. Nasimango anadziwa kuti mawu amodzi ochokera kwa iye angapasule zonsezo.

Ngolo yoyamba inafika, njerwa n'kutsitsidwa pabwalo pake. Zinachokera koyambirira kwa nyumba, ku chipinda chimene masisitere ankagawiramo mankhwala. Mayiyo ankazilambalala, osazikhudza. Ngolo inapitanso, inabweranso. Tsiku lililonse khoma linkafupika, kulowera ku chipinda chakumapeto. Chakudya chinamukanika. Ankadziuza kuti akufa safuna njerwa, ndi kuti mayi ake akanakonda kuti iye azigona pouma. Mwina zinali zoona. Koma ankadziwanso kuti chipinda chija chikagwa, sipatsala chilichonse padziko chosonyeza kuti mayiwo anakhalapo. Chithunzi chawo analibe. Mtumbira wawo sankaudziwa. Dzina lawo linali lisanatuluke pakamwa pake kuyambira tsiku limene amalume ake anamutenga.

M'mawa wina anamva Yotamu akuuza anzake kuti lero agwira mbali yakumapeto, chifukwa njerwa za kumeneko n'zosasweka. Mayiyo anasesa pabwalo monga mwa masiku onse. Anatsuka mbale. Dzuwa litakwera, anavala chitenje chake cha kutchalitchi, natenga ndodo, nalowera njira ya kuchigayo. Amayi amene anakumana naye anadabwa, chifukwa analibe thumba la chimanga pamutu, ndipo ena anamutsatira.

Anapeza amuna ali pa ntchito, fumbi lili kobo. Yotamu anali atakwera pakhoma ndi mgwala wogumulira njerwa. Nasimango anadutsa pabwalo, nafika pamalo pamene ankaima ali mwana. Pamenepo anaima pang'ono, atatsamira ndodo. Kenako anakwera pakhonde, koyamba m'moyo wake, nakakhala pansi pa khomo la chipinda chakumapeto, miyendo atatambasula.

Yotamu anawapempha mayi ake kuti achokepo, njerwa zingawagwere. Nasimango sanasunthe. Amuna aja anasiya ntchito, n'kumayang'anizana. Ndipo mayiyo anayankhula, osakweza mawu.

"Muno ndimo ndinabadwira. Mayi anga dzina lawo anali a Eneresi. Ankakhala pano pamene ndakhalapa. Analibe zala. Ali kuseri uko m'thengomo, sindikudziwa kuti ndi pati. Yotamu, ngati ukugwetsa, gwetsa ukudziwa kuti ndi nyumba ya agogo ako."

Ng'ombe zokha ndizo zinkapukusa mitu pa goli. Mmodzi wa amuna aja anayang'ana manja ake ofiira ndi fumbi la njerwa, n'kuwapukutira pa thalauza. Mayi wina mwa amene anamutsatira anabwerera m'mbuyo pang'ono, nsalu atagwira pakamwa. Nasimango anaziona zonsezo. Anaonanso nkhope ya mwana wake, mmene manyazi ndi mkwiyo zinkasinthanirana. Yotamu anafunsa chifukwa chake sanamuuze ali awiri kunyumba. Mayi ake anayankha kuti akanamuuza kunyumba, iye akanasiyadi, koma mawa lake kukanabwera ngolo ya wina.

Yotamu anatsika. Anaima nthawi yaitali pa khomo la chipindacho akusuzumira mkati. Munalibe kanthu. Munali udzu, ndowe za mbuzi, ndi kabowo pakhoma koikapo nyali. Kenako anapita ku ngolo, nayamba kutsitsa njerwa zimene anali atapakira, imodziimodzi, n'kumazisanja m'tsinde mwa khoma. Anzake ena anamuthandiza. Ena anatola zida zawo n'kumapita osatsanzika.

Sizinathe bwino tsiku lomwelo. Nkhani inafika pamudzi mwini wake asanafike. Panali amayi amene anasiya kubwereka lichero lake. Maliro atagwa mwezi womwewo, sanamuitane kukasambitsa thupi. Anakhala panja ndi anthu wamba, akumva mawu a anzake m'nyumba ya siwa. Akuchimuna anatumiza mawu akuti chinkhoswe chidikire kaye. Mdzukulu wake analira, ndipo kwa nthawi ndithu ankadutsa pakhomo la agogo ake osapereka moni. Mvula inagwa. Yotamu anachirikiza khoma long'ambika lija ndi mitengo, nayala pepala la pulasitiki padenga, ndipo Nasimango anagona dzinja lonse m'nyumba yonyowa, akusuntha mphasa kuthawa madontho. Masiku ena ankadzifunsa ngati anachita bwino, ndipo yankho sankalipeza.

Chimanga chitayamba kuuma, mdzukulu uja anabwera yekha. Anakhala kumapeto kwa mphasa, akuthyolathyola kaudzu. Sanapepese, ndipo agogo ake sanayembekezere kupepesa. Anangofunsa kuti a Eneresiwo ankaoneka bwanji. Nasimango anafuna kuyankha, koma anapeza kuti nkhope yawo sakuikumbuka bwino. Anakumbuka mawu awo okha, kuti anali otsika, osasa pang'ono, ndipo anamuuza zimenezo. Chinkhoswe chinachitika anthu atakolola, chifukwa mnyamatayo anakana kumusiya mtsikana wake, ngakhale abale ake ena sanabwere. M'chilimwe Yotamu anaumba njerwa zake, nkhuni n'kukatenga kutali ndi ngolo. Mbali ya chipatala imene inagumulidwa sinamangidwenso, koma palibe anachotsaponso njerwa.

M'chilimwe chomwecho kunabwera mkulu wina wochokera kumudzi wakutali. Anafunsa nyumba ya mayi amene anakhala pakhonde la akhate. Atamupeza anakhala pansi, chipewa chili m'manja, nanena kuti nayenso bambo ake ali m'thengo lomwe lija, ndipo ana ake sadziwa. Anapempha kuti apite limodzi kumandako, chifukwa yekha ankachita mantha. Anapita. Pambuyo pake kunabwera amayi awiri apachibale. Kenako kunabwera mphunzitsi wa pa sukulu ya pamudzi pomwepo, amene palibe akanamuganizira. Onsewa anabwera ndi makasu ndi zikwanje. Analambula thengo lija, mitumbira n'kuoneka, yambiri kuposa mmene aliyense ankaganizira. Panalibe wodziwa kuti wake ndi uti, choncho aliyense analambula yonse.

Inu amene mukundimva, boma lingathe kuzika chikwangwani n'kuika lamulo, ndipo limachita bwino kutero. Koma nyumba imene aliyense akuikana imatha ndithu, njerwa imodziimodzi, mpaka atapezeka munthu wovomera kuti muli wake. Ndipo si nyumba zokha. Mabanja ambiri ali ndi munthu amene dzina lake silitchulidwa, wina chifukwa cha matenda, wina chifukwa cha ndende, wina chifukwa mutu unasokonekera. Musafulumire kudzudzula amene akhala chete. Nawonso ali ndi ana amene akuwaopera. Koma ngati wokhala cheteyo ndinu, sindikunamizani kuti mukamutchula wanuyo simutaya kanthu. Mudzataya, mwina kwa dzinja lathunthu. Dziwani kokha kuti pafupi nanu pali wina amene naye wasenza dzina lotere, ndipo akungodikira kuti mnzake ayambe.