Tsiku Limene Maondo a Njiri Anakana Kugwada

Anamuchotsa, anzanga. Ndayambira kumapeto chifukwa mtima sukundilola kudikira. Mkango anachotsedwa pampando masanasana, nyama zonse zikuona, popanda dontho la magazi, ndipo anamuchotsa ndi mayi wina wamfupi wa maondo okhakhala. Ikani zikwama pansi, sendezani kuno. Ine ndikati padangokhala, inu mukudziwa choyankha.

Kalekale, nyama zidakali kulankhula, kuchigwa china kunali Nyumba ya Malamulo. Inalibe denga, inalibe mipando. Inali pansi pa mkuyu waukulu, pafupi ndi chulu chimene Pulezidenti ankakhalapo. Pulezidentiyo anali Mkango. Sipikala anali Kadyamsonga, poti khosi lake lalitali linkaona aliyense. Zipani zinali ziwiri: Chipani cha Mano cha odya nyama, ndi Chipani cha Msipu cha odya udzu ndi mizu.

Lamulo lalikulu la dzikolo linali limodzi, lakuti padziwe sipagwidwa nyama. Koma kunagwa chilala, madzi anatsala padziwe limodzi lokha, ndipo Mkango anatopa ndi kuthamanga. Anayamba kubisala m'bango. Lero wagwira insa. Mawa wagwira mwana wa mbidzi. Tsiku lina anagwira mwana woyamba wa Mayi Njiri ali chiweramire kumwa. Zotsala anamaliza ndi a Fisi, amene ntchito yawo inali yokusa aphungu a Chipani cha Mano kuti azivota mofanana.

Njiri anali phungu wa Msipu, wa aja okhala kumbuyo, osamveka mawu chaka chonse. Analira maliro opanda mtembo. Anatsekera ana ake otsala kuuna, ludzu likuwapweteka. Kenako anapita ku Nyumba, naimirira, nanena kuti Pulezidenti waswa lamulo la padziwe, achoke.

Tsono mumve mmene ankavotera kumeneko. Sipikala akangoti "Maondo," wofuna kuti Pulezidenti akhalebe ankagwada, wofuna kuti achoke ankaimirira. Oimirira akakwana magawo awiri mwa atatu, mpando wapita. Koma mlandu wotere unkaloledwa katatu kokha. Ukagwa kachitatu, woubweretsa ankapirikitsidwa m'Nyumba, ndipo lamulo silinkamutetezanso, ngakhale padziwe. A Fisi anali atauza kale anzawo kuti mwendo wathako wa Njiri ndi wawo, wina asaugwire.

Njiri anayenda thengo ndi thengo, phanga ndi phanga. Anapeza kuti a Msipu akaimirira onse, osatsala mmodzi, chiwerengero chikwana. Onse anamulonjeza.

Linafika tsiku loyamba. Mamawa a Fisi anatuma ankhandwe kukamwaza masuku akupsa mbali yokhala a Msipu. Inu mukudziwa kuti njiri sidya chiimire. Imayamba yagwada, kenako n'kudya. Makolo ake ankatero, makolo a makolo ake ankateronso. Fungo la masuku linakwera, linakwera, m'chaka cha njala. Sipikala anati, "Maondo." Njiri anangomva kuseka kwa a Fisi. Poyang'ana pansi anadzipeza ali chigwadire, suku lili m'kamwa, mtundu wonse wa njiri uli chigwadire kumbuyo kwake.

Analavula sukulo nadandaula kuti iwo anagwadira chakudya, sanagwadire Mkango. A Fisi anaimirira akupukuta misozi ya phwete.

"Bwana Sipikala, Nyumba ino siwerenga mitima. Imawerenga maondo."

Kadyamsonga anatafuna mawuwo nthawi yaitali, kenako anavomera kuti lamulo likutero. Mlandu unagwa koyamba.

Linafika tsiku lachiwiri. Njiri anabwera ndi anjovu m'mawa, nasesa bwalo lonse mpaka linayera mbee. Koma panali lamulo linanso. Voti inkayenera kuchitika mthunzi wa mkuyu usanakhudze chulu, ndipo phungu amene waitanidwa kuti alankhule sankadumphidwa. A Fisi anapempha mwaulemu kuti Nyumba imve kaye maganizo a Olemekezeka a Bilimankhwe, phungu woima payekha, amene ankakhala kumapeto kwenikweni kwa bwalo.

Bilimankhwe ananyamuka. Anakweza mwendo, naubweza. Anaukwezanso, nauganizira. Podutsa pa a Msipu anabiriwira, a Msipu naomba m'manja. Podutsa pa a Mano anafiirira, a Mano naombanso m'manja. Njiri ankayang'ana mthunzi, nayang'ana Bilimankhwe, nayang'ananso mthunzi. Pamene Olemekezekawo amafika kutsogolo n'kunena kuti "Zikomo, Bwana Sipikala," mthunzi unali utagona pachulu. Mlandu unagwa kachiwiri.

Apa mantha analowa m'Chipani cha Msipu. Ambawala anabwera kudzapepesa, akuti ali ndi ana aang'ono, ulendo uno agwada. Agwape anatumiza uthenga woti akudwala miyendo. Njiri anawerenga otsala, nawerenganso, ndipo sanakwane. Popanda a Mano ena kuimirira, iye anali ndiwo.

Anapita kumtengo wouma kumene kunkakhala Bambo Muimba ndi abale awo. Miimba inali ya Chipani cha Mano, koma inali itaonda mpaka nthenga kuthothoka, poti a Fisi ankamaliza chilichonse, ndi mafupa omwe. Muimba anamumvetsera atapendeketsa dazi lake, namuuza mosabisa kuti mavoti a miimba ndi ochepa, sangamupulumutse. Njiri anati sanabwerere mavoti. Anabwerera mapiko. Anafotokoza chimene ankafuna, ndipo Muimba anafunsa kuti iwo apindulapo chiyani.

"Nyama sindingakulonjezeni, bambo," anatero Njiri. "Nyamayo ndine."

"N'zimene ndikuganiza, mayi. Mukaluza mawa, mwina a Fisi angatisiyireko kachikopa."

Sanavomere, sanakane. Anangomuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumchira monga munthu woyang'ana mbuzi pamsika. Njiri anabwerera kuuna osadziwa ngati wapeza bwenzi kapena waitana odzamudya.

Linafika tsiku lachitatu. Bwalo linadzaza, ndi osakhala aphungu omwe anakwera m'mitengo. Masuku anali mbwee, ochuluka kuposa poyamba. Njiri anaimirira napempha kuti lero pasakhale zokambirana, avote basi. A Fisi anavomera msangamsanga, akuti iwonso ali ndi ntchito ina yowadikira masana, ndipo ponena zimenezo ankamuyang'ana mwendo.

Njiri anatembenukira abale ake. Sanawauze zambiri. Anangoti aliyense ayang'ane kumwamba, asayang'ane pansi.

Sipikala anati, "Maondo."

A Mano onse anagwada. Ambawala anagwada nabisa nkhope. Njiri anamva fungo la masuku likumukoka mphuno, maondo ake akupinda okha monga anazolowera chibadwire. Anawalimbitsa. Ananjenjemera ngati bango m'madzi othamanga, koma anawalimbitsa. Kumbuyo kwake mtundu wonse wa njiri unaima chimodzimodzi, malovu akuchucha, maso kumwamba, chakudya chili pamapazi. Nyama zakale zinanong'onezana kuti chiyambire dziko sizinaonepo zotere. Ngakhale Mkango anasiya kunyambita dzanja lake.

Kadyamsonga anayamba kuwerenga, pang'onopang'ono, kuyambira mbali ya Msipu. Aliyense ankaona kuti sakwana.

Pamenepo kumwamba kunaoneka kadontho. Kenako kena. Kenako thambo linada ndi miimba, yochokera kumapiri onse, yambiri kuposa imene Njiri ankadziwa kuti ilipo. Inazungulira pamwamba pa mkuyu mwakachetechete, osakupiza phiko, ina pamwamba pa inzake, mpaka yapamwamba kwambiri sinkaonekanso. Mithunzi yake inkayenda pamisana ya nyama. Miimbayo inali pamutu pa Njiri penipeni, ndipo iye anati mumtima, basi, abwerera ine.

Koma gulu lija linayamba kusendera. Linasendera, linasendera, mpaka kuseri kwa phiri. Kumeneko linayamba kutsika, mmodzimmodzi, monga zimakhalira kukafa chinthu chachikulu.

Tsono njiri ikaona chakudya imagwada, koma fisi akaona miimba ikutsika sakhala pansi. Nkhandwe wina anadzuka kuti aone bwino. Mnzake anadzuka kuti asatsale. Mimbulu inadzuka yonse pamodzi. Afisi aang'ono anadzuka, makosi atasololoka, akufunsana ngati ndi njati kapena njovu. A Fisi aakulu anawakalipira chamumtima, ali chigwadire, mano ali gwaa. Anayang'ana Mkango. Anayang'ana kuphiri. Anaganiza za afisi a kutsidya amene mwina afika kale. Mwendo umodzi unawongoka wokha, unzake n'kutsatira.

Khosi la Kadyamsonga linali litangofika mbali ya Mano. Anawerenga onse oimirira, namalizira pa a Fisi. Kenako analankhula ndi mawu otsika, koma anamveka mpaka kudziwe.

"Oimirira akwana. Mpando uli wopanda mwini."

A Fisi anadzigwetsa pansi, akukuwa kuti iwo anaimirira chifukwa cha nyama, mtima wawo uli ndi Pulezidenti. Sipikala anawakumbutsa mofatsa zimene Nyumba imawerenga, ndi amene anaiphunzitsa zimenezo.

Aliyense anadikira kuti Mkango abangula. Sanabangule. Anaimirira pachulu, nayang'ana anthu ake amene anawadyetsa zaka zonsezo, ena mwa iwo akadasuzumirabe kuphiri. Anatsika. Pansi anaoneka wamng'ono kuposa mmene ankaonekera pamwamba. Nyama zinapatuka kumusiyira njira, iye nadutsa pakati pawo, napita kuthengo kukasaka ndi miyendo yake ngati wina aliyense. A Fisi anathamangirabe kuseri kwa phiri, nakapeza miimba itakhala pamiyala yopanda kanthu, ikudzikonza nthenga.

Madzulo ake Njiri anatsegula una. Anatsogolera ana ake kudziwe, michira ili chilili. Iwo anamwa, anamwa, mpaka mimba zinati tuu. Iye anaima pakati pa anawo ndi bango mpaka womaliza atakhuta, kenako anawerama namwa nayenso.

Phunziro lake ndi ili, ndipo lilembeni pamtima: lamulo limene walipinda kuti ukole mnzako silidzakuzindikira nkhope tsiku lako likafika, ndipo anthu amene wawasunga ndi mimba adzakusiya chifukwa cha mimba yomweyo. Nthano yafika pamchira. Amene anakwirira mbatata paphulusa akaiphule isanasanduke khala.

Tsono nayi nkhani imene ndakhala ndikuimeza: a hedi avomera kuti nthanoyi tiisewere mawa muholo, tikangoweruka. Mnzathu Ndaziona ndiye Kadyamsonga, ndipo mpaka lero akugwabe pansungwi zimene akuyendera kuti atalike. Miimba ndi ana onse a Fomu Wani, atafunda zitenje zakuda. Mukauzenso a kuhositelo ya kumunsi. Mubwere msanga mudzakhale kutsogolo, mudzaone nokha.