Njinga Yosasunga Chinsinsi

Kwathu ku Mayani kunali mkamwini wina, Lufeyo, amene anabwera pamudzi ndi njinga yamoto yakalekale. Loweruka lililonse a Gwedeza, malume a mkazi wake, ankaitenga ngati yawo.

"Ndikupita kumaliro," ankatero, atadzola mafuta onunkhira. Njinga inkabwerako petulo atatheratu. Nanga mkamwini n'kumukaniza mwini mbumba?

Tsiku lina Lufeyo anapotokola kasikulu ka pa kabuleta, kamene kamafatsitsa injini njinga ikaima. Injini inayamba kukuwa ngati chigayo.

"Apongozi, kabuleta yadwala. Mukafika musakaizimitse. Ikazima, muikankha mpaka kuno."

A Gwedeza anaopa kukankha. Anakaimika njinga kuseri kwa nyumba ya Esinati, wophika kachasu wa kutsidya kwa dambo, n'kuisiya ili chikuwire. Mbuzi zinadula zingwe. Ana anathamangira komweko, agalu pambuyo, ndipo pambuyo pa agaluwo akazi awo a Gwedeza, a Nachisale, khasu lili paphewa.

A Nachisale anagogoda pakhomo. A Gwedeza anatuluka nsapato zili m'manja.

"Pepani anamfedwa!" anakuwa a Nachisale kuti amveke paphokosolo. "Thupi lili m'katimo?"

Lufeyo anafika ali wefuwefu n'kubweza kasikulu kaja. Njinga inayamba kunong'ona bwinobwino.

"Yachira, apongozi! Kwerani."

"Ayenda wapansi awa," anayankha a Nachisale. "Ndipo ukadzawabwerekanso, mwanawe, khasuli lidzayambira iwe."

Lufeyo anawomba m'manja mwaulemu. Lamulo la akuluakulu, iye akanakana bwanji?